Manja Amene Anagwira Chiwongolero cha Ferrari 3851GT

Pa 11 Sepitembala 1962, amisiri a pa fakitale ya Ferrari m'tauni ya Maranello, kumpoto kwa Italy, anamaliza galimoto ya chi 19 mwa mtundu wotchedwa 250 GTO. Anaipaka utoto wotuwa, n'kudutsitsa pakati pake mizere ya mbendera ya France kuchokera kumphuno mpaka kumbuyo. Pa chasisi anadindapo nambala yakuti 3851GT. Mwezi umodzi usanakwane, galimotoyo inali itaphwanyika pa bwalo la mpikisano kufupi ndi Paris, ndipo amene ankaiyendetsa anamwalira. Patapita zaka ziwiri inagubuduzikanso ku Monza. Mu 1965 inagulitsidwa pa mtengo wa galimoto yotha ntchito. Koma pa 14 Ogasiti 2014, pa okushoni ya kampani ya Bonhams ku Carmel m'chigawo cha California, munthu wina anailipira madola 38,115,000, ndalama zimene panthawiyo zinali zisanaperekedwepo pa galimoto iliyonse yogulitsidwa pa okushoni. Mu ndalama zathu za chaka chimenecho zinali pafupifupi K15 biliyoni, kuposa K13 biliyoni imene lipoti loyamba la Cashgate linapeza kuti inabedwa ku Capital Hill.

Funso loti wogulayo anagula chiyani ndi lofunika, chifukwa zitsulo zambiri za galimotoyo zinali zitawongoledwa kapena kusinthidwa, ndipo pa liwiro magalimoto ambiri a lero angaisiye kumbuyo. Chimene anagula ndi nambala ija pamodzi ndi mndandanda wa anthu amene anaigwirapo, wosaduka ngakhale chaka chimodzi, aliyense ndi dzina lake, tsiku lake ndi zimene anachita nayo.

Ferrari anapanga magalimoto 36 okha a mtunduwu pakati pa 1962 ndi 1964. Malamulo a mpikisano ankafuna kuti kampani ipange osachepera 100 kuti mtundu wa galimoto uloledwe m'gulu la magalimoto oyenda pamsewu, koma Enzo Ferrari anaumirira kuti GTO si yachilendo, ndi 250 GT yakale yomwe ija atangoikonza thupi, ndipo akuluakulu a mipikisano anavomera. Ntchito anaiyamba Giotto Bizzarrini. Iye atachoka pa kampaniyo mu 1961 pa mkangano umene unachotsa mainjiniya angapo nthawi imodzi, anamalizitsa ndi mnyamata Mauro Forghieri pamodzi ndi Sergio Scaglietti wa ku Modena, amene amisiri ake ankasula thupi la aluminiyamu ndi nyundo, pamanja. Chifukwa cha kusula pamanjako, palibe ziwiri zofanana ndendende: ina mphuno yatalikirapo, ina chitseko chasiyana ndi chinzake cha mbali inayo.

Injini yake ndi ya masilinda 12, iliyonse ya 250 cc, zonse pamodzi malita atatu. Pamwamba pake pamakhala makabuleta asanu ndi limodzi a Weber ali ndandanda, ndipo imatulutsa mphamvu ya mahatchi pafupifupi 300 pa galimoto yosafika tani imodzi. M'kati mulibe kapeti kapena chilichonse chosangalatsa wokwera. Muli mipando iwiri, chiwongolero cha mtengo, ndi ndodo ya magiya asanu. Yatsopano inkagulitsidwa madola 18,000 ku America, ndipo kukhala ndi ndalama sikunali kokwanira: Enzo Ferrari mwiniwake kapena womuimira kumeneko, Luigi Chinetti, ankayamba aona ngati wogulayo ndi woyeneradi. Pa mpikisano wake woyamba, wa maola 12 ku Sebring mu Malichi 1962, Phil Hill ndi Olivier Gendebien anafika pa nambala yachiwiri, ndipo mtunduwu unapatsa Ferrari ukatswiri wa dziko lonse m'gulu lake zaka zitatu zotsatizana.

Mwini woyamba wa 3851GT anali Jo Schlesser, Mfalansa amene anakhalapo zaka zingapo ku Madagascar asanadziwike pa mipikisano ya ku Ulaya. Atangoilandira anailowetsa mu Tour de France Automobile, ulendo wa makilomita oposa 5,000 wozungulira France, wosakaniza misewu wamba, mabwalo a liwiro ndi zitunda. Mnzake woyendetsa naye anali Henri Oreiller, ndipo munthu ameneyu ndi woyenera kumuimira pang'ono. Anakulira ku Val d'Isère, m'mapiri a Alps. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anali m'gulu la Afalansa olimbana ndi Ajeremani m'mapiriwo. Mu 1948, pa masewera a Olympic a nyengo yozizira ku St. Moritz, anapambana mamendulo awiri a golide ndi imodzi ya buronzi pa masewera otsetsereka pa chipale chofewa, ndipo pa mpikisano wotsika phiri anasiya wachiwiri wake ndi masekondi oposa anayi, mpata waukulu kwambiri pa masewera amenewa. Anthu ankamudziwa ngati munthu wosaopa mtsetse. Atasiya za m'chipale anatembenukira ku magalimoto.

Awiriwa anamaliza ulendowo pa nambala yachiwiri, kumbuyo kwa André Simon amene anali pa Ferrari ya mtundu wakale. Kenako pa 7 Okutobala, pa bwalo la Montlhéry kummwera kwa Paris, Oreiller anakwera yekha. Tayala linaphulika ali pa liwiro lalikulu, galimoto inagubuduzika, ndipo anamwalira ali ndi zaka 36. Schlesser nayenso sanakalambe. Anafera m'moto pa 7 Julayi 1968 ku Rouen, ali m'galimoto ya Honda pa mpikisano wa Formula One. Mnzake wapamtima Guy Ligier, atayamba kupanga magalimoto akeake, anaika zilembo JS patsogolo pa nambala ya iliyonse pomukumbukira.

Kwathu kuno galimoto imene yafetsa munthu anthu amaiyang'ana ndi diso lina. Ena sangaikwere, ndipo wogulitsa amayesetsa kuti nkhaniyo isamveke. Pa 3851GT palibe amene anabisa. Kabuku ka okushoni ya 2014 kanafotokoza za imfa ya Oreiller poyera, ndipo ndikuona kuti anachita bwino. Munthu anafera pampando umenewo, ndipo aliyense wodzakhalapo pambuyo pake ayenera kudziwa.

Zotsala za galimotoyo anazibweza ku Maranello, fakitale inaimanganso, ndipo mu 1963 inapita kwa Paolo Colombo wa ku Italy. Iye ankakonda mipikisano yokwera zitunda. Pa mpikisano wotere magalimoto sanyamukira limodzi. Imanyamuka imodziimodzi kuchokera patsinde pa phiri, pamsewu wamba wotsekedwa tsiku limenelo, ndipo wopambana ndi amene wafika pamwamba m'mphindi zochepa. Wotchuka kwambiri ku Italy ndi wa Trento–Bondone, makilomita 17 a makhota okhaokha. Colombo anapambana kambirimbiri m'gulu lake chaka chimenecho. Chaka chotsatira anagulitsa kwa Ernesto Prinoth, munthu wa m'mapiri a Val Gardena amene dzina lake lidakali pa kampani yopanga makina osalaza chipale chofewa. Ndi iyeyu amene anagubuduzika nayo ku Monza mu 1964, koma anatuluka wamoyo.

Munthu wa ku Misuku, kumapiri a ku Chitipa kuno kwathu, akamva za mpikisano wokwera phiri sangadabwe kwambiri, chifukwa kwa iye kukwera phiri ndi ulendo wa kumsika, wa kuchipatala ndi wa kuboma. Msewu wa phula wa Karonga–Chitipa, umene unamangidwa ndi thandizo la China, unafupikitsa ulendo umene kale unali wa tsiku lathunthu. Koma ukapatuka pa Kapoka kulunjika kumapiri kumene kuli nkhalango za Mughese, Wilindi ndi Matipa, nkhani imasintha. Chitunda chimatsatana ndi chitunda, khota limabisa zimene zikubwera, ndipo mbali imodzi ndi phompho. M'dzinja dothi lofiira limaterera, lole yodzaza imaima pakati pa chikweza, anyamata n'kudumpha kukaika miyala kumatayala akumbuyo dalaivala asanayese giya yoyamba kachiwiri. Potsika, dalaivala wodziwa msewuwo sadalira mabuleki okha. Amagwira galimoto ndi giya, chifukwa mabuleki akatentha amasiya kumva. GTO, ndi mimba yake yotsala pang'ono kukhudza pansi, siingapite patali pamsewu umenewu mvula itagwa. Komabe luso limene Colombo ankalandirira zikho, lodziwa giya yoyenera khota lisanafike ndi kumva kumene matayala akumbuyo akufuna kupita, ndi lomwelo limene madalaivala onyamula khofi, nthochi, nyemba ndi odwala a ku Misuku ali nalo, ndipo iwo amachita zimenezi atanyamula miyoyo ya anthu ena.

Pofika 1965 GTO inali itapitidwa ndi nthawi. Magalimoto a injini yakumbuyo kwa dalaivala anali atalanda mipikisano, ndipo galimoto ya mpikisano imene yasiya kupambana inalibe woifuna: yaphokoso, yotentha m'kati, yomwa mafuta, yodula kukonza. Apa ndi pamene anatulukira Fabrizio Violati, mnyamata wa ku Rome wa m'banja lochita malonda a madzi a m'mabotolo a Ferrarelle. Anaigula pa ma lira 2,500,000 a ku Italy, pafupifupi madola 4,000. Iye mwini ankasimba kuti anaipulumutsa kwa ophwanya magalimoto, ndi kuti anaibisa kwa makolo ake, n'kumaiyendetsa usiku wokhawokha kuti asamuone. Makolowo anali ndi chifukwa choopera, poti mwana wawo anali atavulalapo kale pa mpikisano.

Violati sanaigulitsenso. Anakhala nayo zaka 45 mpaka imfa yake mu Januwale 2010, ndipo inakhala m'manja mwa banja lake zaka zina zinayi. M'zaka zimenezo anasonkhanitsa ma Ferrari ena ambiri ndi ma Abarth, n'kutsegula nyumba yowaonetsera ku San Marino yotchedwa Maranello Rosso. Chimene chimandikopa pa munthu ameneyu n'chakuti mtengo utakwera kufika mamiliyoni, sanaitsekere m'galasi. Anapitiriza kuithamangitsa pa mipikisano ya magalimoto akale, mwamphamvu, mpaka atakalamba, ndipo sankavutika ndi kuipukuta kuti ioneke ngati yatsopano. Mwa eni ake onse, ndi yekhayu amene anaikonda pa nthawi imene inalibe mtengo. Zaka 49 m'banja limodzi ndi zimene ogulitsa a mu 2014 anatsindika kwambiri, chifukwa galimoto imene yakhala pa khomo limodzi nthawi yaitali chotero ilibe chaka chokayikitsa, chimene munthu angati mwina apa anasinthanitsa chasisi kapena anapanga ina yabodza.

Zinzake zina zinadutsa m'njira zovuta kuposa apa. Ya nambala 3589GT, imene Innes Ireland anathamangitsapo, mwini wake anaipereka mu 1964 kwa sukulu ya sekondale ya ku Victoria m'chigawo cha Texas kuti ana aziphunzirirapo umakaniko. Mu 1972 sukuluyo inaigulitsa madola 6,500, ndipo wogulayo anaisiya pa ngolo panja, m'munda wa ku Ohio, zaka zoposa khumi, udzu n'kumera mozungulira, anthu odziwa akumuchonderera kuti awagulitse iye n'kumakana. Nick Mason, woimba ng'oma m'gulu la Pink Floyd, anagula yake ya nambala 3757GT mu 1977 pa mapaundi osafika 40,000, anzake akumuona ngati wotaya ndalama. Kuchokera pamenepo mitengo inangokwera, kupatula kugwa kwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Mu 2018 ya nambala 3413GT inagulidwa madola 48.4 miliyoni pa okushoni ya RM Sotheby's, ndipo chaka chomwecho David MacNeil, mwini kampani ya WeatherTech, zinamveka kuti analipira pafupifupi madola 70 miliyoni pa ya nambala 4153GT, imene inapambana Tour de France ya 1964.

Pamene pali ndalama zotere, akuba ndi onyenga sachedwa. Ma Ferrari ambiri otsika mtengo a zaka zomwezo anadulidwa n'kuvekedwa thupi la GTO, moti ofanizira alipo ochuluka kuposa enieni. N'chifukwa chake kampani ya Ferrari inakhazikitsa nthambi ya Ferrari Classiche, imene imafananitsa nambala za chasisi, injini ndi bokosi la magiya ndi mapepala a tsiku limene galimoto inatuluka m'fakitale. Palinso anthu amene moyo wawo wonse ndi kutsata nambala zimenezi: kufunafuna zithunzi za mipikisano yakale, malisiti a m'magalaja, makalata a kasitomu, ndi kufunsa okalamba amene anagwirapo sipanala pa galimotoyo. Mu 2019 khoti la ku Bologna linagamula kuti maonekedwe a 250 GTO ndi ntchito ya luso yotetezedwa ndi lamulo, monga chithunzi kapena chosema.

Mlimi wa khofi wa ku Misuku amaidziwa kale mfundo imeneyi ya kutsata mbiri ya chinthu, ngakhale sanaonepo Ferrari. Akapita ndi zipatso zake zofiira kumalo okungudzira, kalaliki amalemba dzina lake, tsiku ndi makilogalamu. Khofiyo akafika kwa Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union, kenako kwa wogula wa kunja, thumba limene likudziwika kuti ndi Arabica wa ku Misuku, wa chaka chakuti, limagulidwa bwino kuposa limene langolembedwa kuti khofi. Wogulayo amalipira kukoma, koma amalipiranso kudziwa kumene chinthucho chachokera ndi manja amene chadutsamo.

Pa magalimoto athu chizolowezi chimenechi tilibe. Taonani Land Rover yakale ya mtundu umene umapezekabe m'maboma a kumapiri, ina ikuyenda, ina itakhala pa zidina kuseri kwa galaja. Thupi lake ndi la aluminiyamu ngati la GTO, n'chifukwa chake silichita dzimbiri ngakhale utoto unatha kalekale. Injini ya petulo imene inabwera nayo inachotsedwa, muli ya dizilo ya ku Japan yokhazikidwa pa zitsulo zowotcherera pamanja. Masipuling'i akumbuyo anawonjezera ndi a lole. Chitseko cha wokwera chimatsekedwa ndi mphira wa chubu, ndipo batire ili pansi pa mpando, yomangidwa ndi waya. Ukafunsa makaniko wachikulire, adzakuuza mbiri yake osapumira: inayamba ili ya mishoni, kapena inali ya boma ya nambala ya MG mpaka inagulitsidwa pa okushoni ya PVHO, kenako inapita kwa mphunzitsi wopuma ntchito, kenako kwa wamalonda amene ankanyamulira matola, ndipo pa khota lakuti inagwerapo m'chigwa chaka cha mvula yambiri. Imeneyi ndi mbiri ya umwini yokwanira, yofanana ndi ya 3851GT m'zonse kupatula chimodzi: ili m'mutu mwa munthu mmodzi, ndipo iye akapita imapita naye.

GTO inafikako ku Africa kuno, ndipo inapambana. Mu Novembala 1962, mwezi umodzi chimwalirireni Oreiller, Mngelezi David Piper anabwera ndi yake yobiriwira ya nambala 3767GT ku Kyalami, pakati pa Johannesburg ndi Pretoria, n'kupambana mpikisano wa maola asanu ndi anayi pamodzi ndi Bruce Johnstone wa ku South Africa. Chaka chotsatira anapambananso pa GTO ina ali ndi Tony Maggs. M'zaka zomwezo, makilomita ochepa kuchokera pa bwalolo, amuna zikwizikwi a ku Nyasaland anali pansi pa nthaka m'migodi ya golide, ndipo ena mwa iwo analembedwa ntchito ndi Wenela ku Fort Hill, Chitipa ya lero. Chuma chimene chinkalipirira masewera a azungu a ku Joni chinali ndi thukuta lawo, koma m'mabuku a mbiri ya magalimotowa simupezamo dzina la mmodzi wa iwo. Galimoto yobiriwira ija inadzakhala ya Anthony Bamford wa kampani ya JCB, yopanga makina achikasu okumba amene timawaona pa ntchito za misewu m'dziko muno.

Sindikulemba izi kuti tisirire anthu olemera. Kulipira K15 biliyoni pa galimoto ya mipando iwiri, pamene mayi woyembekezera wa kuseri kwa Wilindi amanyamulidwa pa njinga yamoto usiku kupita kuchipatala, ndi chinthu chimene mtima wanga sungachivomereze, ndipo mitengo imeneyi ikunena zambiri za kuunjikana kwa chuma m'manja mwa ochepa kuposa za ubwino wa injini. Chimene ndikusirira ndi khama la kulemba, ndipo khama limenelo linayamba magalimotowa asanakhale ndi mtengo. Kalaliki wa ku Maranello amene analemba tsiku la 11 Sepitembala sankadziwa za okushoni ya ku California. Ankangochita ntchito yake.

Mwezi womwewo wa Sepitembala 1962, kumayambiriro kwake, dziko lathu linataya Dunduzu Chisiza, mwana wa kumpoto konkuno, mlembi wamkulu wa Malawi Congress Party ndiponso munthu amene ambiri ankamuyembekezera kudzayendetsa chuma cha dziko likadzalandira ufulu. Mercedes yake inapezeka itagwera pa mlatho wa Thondwe, pamsewu wa Blantyre–Zomba. Mpaka lero anthu amatsutsana za imfa imeneyo, ndipo olemba mbiri aifufuza. Galimoto ya Oreiller tingaitsate mwezi ndi mwezi kuyambira tsiku la ngozi. Nanga ya Chisiza ndani angailoze lero, kapena kutchula nambala ya chasisi yake? Chimodzimodzi Rolls-Royce yopanda denga imene Kamuzu Banda ankaimiriramo akugwedeza litchowa, amayi a mbumba akuimba m'mbali mwa msewu. Aliyense amene anakula nthawi imeneyo amaikumbukira, ena mokondwa, ena ndi mantha, ndipo pa zifukwa zonse ziwirizi mwana wa sukulu wa lero anayenera kukhala ndi malo oti akaione, n'kuwerenga chikwangwani chonena chaka chimene inagulidwa, ndalama zake ndi kumene zinachokera. Onjezani mabasi a UTM amene anatsegula misewu ya kumidzi, ma ambulansi oyamba a zipatala za mishoni, ndi malole amene ananyamula khofi woyamba wa alimi ang'onoang'ono kutsika naye mapiri.

Malo osungira alipo. Ku Chichiri Museum ku Blantyre kuli injini za nthunzi ndi makina ena akale panja pa nyumbayo. Ku Karonga kuli nyumba ya chikhalidwe ndi zakale imene inatsegulidwa mu 2004, kumene mafupa a Malawisaurus amakopa alendo. Nyumba ngati imeneyi ingathe kulandira Land Rover imodzi ya ku Misuku, osaipenta, osaichotsa mphira wa pachitseko, pamodzi ndi mawu ojambulidwa a makaniko ndi madalaivala amene anaiyendetsa. Bungwe la alimi a khofi lingachite chimodzimodzi ndi lole yake yakale kwambiri. Koma nthawi si yambiri. Ogula zitsulo zakutha amafika mpaka kumidzi ndi sikelo zawo, ndipo aluminiyamu ndi amene amamufuna kwambiri, chifukwa amasungunulidwa n'kukhala mapoto. Galimoto imene yakhala kuseri kwa nyumba zaka makumi awiri imatha tsiku limodzi ndi nkhwangwa ndi sowo.

Palinso mbali ina imene ikukhudza aliyense amene ali ndi galimoto lero, ngakhale Sienta kapena Probox ya dzulodzuloli. Magalimoto ambiri a m'dziko muno ndi ogwiritsidwapo kale ntchito ku Japan. Amatsikira pa doko la Dar es Salaam, n'kuyenda ndi nambala za IT mpaka pa chipata cha Songwe, kumunsi kwa mtsinje wa Songwe umene umadutsa kumpoto kwa Misuku. Amafika opanda mbiri: wogula sadziwa amene ankaiyendetsa ku Nagoya kapena ku Osaka, ndipo nambala ya makilomita pa dashibodi amangoikhulupirira. Akalipira msonkho ku MRA n'kulembetsa ku Road Traffic, mbiri yake ya ku Malawi imayamba bwino, ndi dzina limodzi mu bulubuku. Vuto limabwera pa kugulitsana kwachiwiri ndi kwachitatu. Kusintha umwini kumafuna ndalama, kumafuna kuti apolisi aone nambala ya chasisi ndi ya injini, ndipo kwa munthu wa ku Chitipa kumafunanso ulendo wautali. Ambiri amangolemberana kalata pa pepala la m'kope, mboni ziwiri n'kusaina, makiyi n'kusintha manja, bulubuku n'kukhalabe m'dzina la munthu woyamba. Injini ikasinthidwa, palibe amene amakanena.

Zotsatira zake zimaoneka tsiku la mavuto. Galimoto ikachita ngozi, a inshuwalansi amafuna mwini wa m'buku, amene mwina anasamukira ku Joni kapena anamwalira. Ikapezeka kuti inabedwa kwina, amene wagwidwa nayo ndi womaliza, ndipo alibe njira yosonyezera kumene anaitenga. Bambo akamwalira, mayi wamasiye amapeza kuti galimoto imene banja linagula ndi ndalama za khofi wa zaka zisanu ili m'dzina la munthu amene sanamuonepo, ndipo achibale a mwamuna akabwera kudzaitenga alibe pepala loimirira nalo pamaso pa mfumu kapena pa khoti. Akafuna kuigulitsa kuti alipirire ana sukulu, wogula amatsitsa mtengo ndi theka, akunena kuti mapepala ake ndi osalongosoka.